Bogi ya sitima yokwana m'manja, ndi vuto la njanji yathu yopapatiza

Kunja kuno kuli anthu akuluakulu, ena imvi zili mbuu, amene amathera ndalama ndi maola ambiri pa timabogi ta sitima ya pamtunda tokwana m'manja. Kabogi kotere sikapangidwira mwana woti azikakoka ndi chingwe pabwalo. Kamakhala ndi mawindo onse amene bogi yeniyeni ili nawo. M'kati muli mipando, pakhomo pali zogwirira ndi masitepe, kunsi kuli mapaipi a mabuleki ndi mabokosi a mabatire, ndipo m'mbali mwalembedwa nambala ya bogi imene inayendadi pa njanji m'chaka chakutichakuti. Ku Britain, Germany, America, Japan, Australia ndi South Africa zimenezi zili ndi masitolo ake, magazini ake, makalabu ake ndi zionetsero zolipira pakhomo. Ku Hamburg kuli malo otchedwa Miniatur Wunderland, amene anatsegulidwa mu 2001, komwe alendo amaima pamzere kuti akaone tisitima tikuyenda m'timizinda tomangidwa m'kati mwa nyumba.

Kuno ku Blantyre sitima inafika mu 1908, ndipo tauni ya Limbe inakulira pa njanji, koma mungazungulire masitolo kuchokera ku Victoria Avenue mpaka kumsika wa Limbe osakaona kabogi kotere pashelefu. Mukaitanitsa kunja, m'katoni mudzatuluka bogi ya ku London, ya ku Munich kapena ya ku Tokyo. Bogi imene amayi anu ankakwera ndi dengu la tomato kuchokera ku Balaka, kapena imene agogo anu anatsika nayo ku Nsanje, palibe fakitale yaikulu imene imaipanga. Zifukwa zake ndi ziwiri, china cha ndalama, china cha mamilimita, ndipo cha mamilimitacho n'chimene chimafuna kuchifotokoza modekha.

Zonse zimayambira pa mulingo. Pakatoni pakalembedwa kuti 1:87, ndiye kuti chilichonse pa bogi yeniyeni chachepetsedwa ka 87, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu womwe. Munthu wa mita imodzi ndi masentimita 70 amatsala masentimita awiri osakwana bwino. Kilomita imodzi ya njanji imasanduka mamita 11 ndi theka. Mulingo umenewu, umene amautcha HO, ndiwo wofala kwambiri padziko lonse. Ulipo wina waukulu pafupifupi kawiri, wotchedwa O, umene uli 1:43.5 ku Britain, 1:45 m'mayiko ena a ku Ulaya ndi 1:48 ku America. Palinso S wa 1:64, TT wa 1:120, N wa 1:160, ndi Z wa 1:220, umene kampani ya ku Germany ya Märklin inatulutsa mu 1972. Märklin yomweyo ndi imene inabwera pa chionetsero cha zamalonda cha ku Leipzig mu 1891 ndi tinjanji ta miyeso yokhazikika, kuti munthu amene wagula bogi chaka chino adzathe kuilumikiza ndi imene adzagule chaka chamawa. Masiku ano malamulo a miyeso amasungidwa ndi mabungwe awiri, NMRA ya ku America, imene inakhazikitsidwa mu 1935, ndi MOROP ya ku Ulaya.

Koma mulingo ndi nkhani ina, mpata wa pakati pa njanji ziwiri ndi inanso, ndipo oyamba kumene ambiri amasokoneza ziwirizi. Sitima zambiri za ku Ulaya ndi ku America zimayenda pa njanji zotalikirana mamilimita 1,435. Gawani ndi 87, mupeza 16.5, n'chifukwa chake tinjanji ta HO timatalikirana mamilimita 16.5. Apo masamu agwirizana, koma sanagwirizane kulikonse. Sitima za ku Britain n'zochepa thupi poyerekeza ndi za ku Germany kapena America, chifukwa milatho yawo ndi njira zawo zoboola mapiri zinamangidwa kalekale zili zothina. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, timota ta magetsi timene tinalipo sitinkakwana bwino m'thupi la sitima ya ku Britain yochepetsedwa ka 87. Opanga anangokulitsa thupi kufika pa 1:76, njanji n'kuisiya pa 16.5. Umenewu ndi mulingo wa OO, umene kampani ya ku Britain ya Hornby inaufalitsa kuyambira mu 1938, ndipo mpaka lero ndi umene Angerezi ambiri amagula. Bogi ya OO imaima pa njanji yothina kuposa mmene ziyenera kukhalira, chifukwa yolondola ikanakhala ya mamilimita 18.83. Alipo ena amene kusiyana kwa mamilimita awiri ndi pang'onoku kumawasowetsa tulo, moti amazula mawilo onse n'kudzikhomera okha njanji pa 18.2 kapena pa 18.83 penipeni.

Tsono bwerani ku Limbe ndi tepi yoyezera. Njanji yathu ndi ya mamilimita 1,067, kapena kuti mafiti atatu ndi mainchesi 6, chimodzimodzi ya ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Yopapatiza chonchi imakhota mosavuta m'mapiri ndipo siidya ndalama zambiri poimanga, ndipo amene anaonapo mmene njanji imakwerera kuchokera kuchigwa cha Shire, motsatira mtsinje wa Ruo, kudzera ku Luchenza mpaka ku Limbe, angamvetse chifukwa chake inawakomera omangawo. Mpata wochepawu unapatsa bogi yathu maonekedwe akeake. Thupi lake n'lotambalala kuposa kawiri mpata wa njanji, mawilo amabisala m'kati, ndipo ukaiyang'ana chakutsogolo imaoneka yolendewera mbali zonse ziwiri. Amene anakulira pafupi ndi njanji maonekedwe amenewa amawadziwa ngakhale sanakhalepo pansi n'kuwaganizira. Ndiye mukapanga thupi la bogi yathu pa 1:87 n'kuliika pa tinjanji ta 16.5, mawilo amatulukira kunja, kulendewera kuja kumatha, ndipo diso limakana ngakhale penti ndi zilembo zonse zili zolondola.

Kampani ya ku Italy ya Lima inachita zomwezi pamene inkapanga timabogi ta South African Railways, kuphatikizapo ta sitima yapamwamba yotchedwa Blue Train: thupi la ku Africa, njanji ya 16.5. Tinagulidwa kwambiri ku South Africa, ndipo mpaka pano timapezeka kwa ogulitsa zakale kumeneko. Ku Japan, komwe njanji zambiri ndi za 1,067 ngati kwathu kuno, makampani a Kato ndi Tomix amapanga mabogi pa 1:150 oyenda pa tinjanji ta mamilimita 9, pamene masamu akuti pakanafunika 7.1. Anthu anazolowera, ndipo ine sindikuwaweruza. Munthu amene akungofuna kuona sitima yake ikuyenda madzulo akaweruka kuntchito ali ndi ufulu wosawerengera mamilimita.

Amene akufuna zolondola, njira zilipo. Mukagawa 1,067 ndi 87 mupeza 12.3, ndipo tinjanji ta mamilimita 12 timagulitsidwa kale chifukwa cha anthu otsanzira sitima za m'mapiri a ku Switzerland. Ku Queensland ku Australia, komwe njanji ndi yofanana ndi yathu, ambiri amatsata njira imeneyi. Mukagawa ndi 120 mupeza 8.9, pafupi kwambiri ndi tinjanji ta mamilimita 9. Koma mukagawa ndi 64 mupeza 16.7, ndipo apa mpamene pali mwayi: bogi yathu pa mulingo wa 1:64 imakhala bwinobwino pa tinjanji wamba ta 16.5, tomwe ndi tofala ndi totsika mtengo kuposa tina tonse. Ku New Zealand, dziko linanso la njanji ya 1,067, anaona zimenezi kalekale ndipo 1:64 ndi mulingo wawo waukulu potsanzira sitima zakwawo.

Munthu wa ku Blantyre amene ati ayambe ndi manja ake, ine ndingamulangize 1:64 yomweyo. Tinjanji, mawilo ndi timota angazipeze zakale kwa wachibale wochokera ku Johannesburg, popanda kusakasaka zinthu zosowa za mamilimita 12 ndi ndalama zakunja zomwe n'zovuta kale kupeza. Thupi la bogi limakhalanso lokulirapo, zala zimagwira bwino. Bogi ya mamita 18 imakhala masentimita 28, munthu amakhala pafupifupi mamilimita 27, ndipo mukaphonya milimita imodzi podula zenera mwalakwitsa masentimita 6.4 a bogi yeniyeni, osati 8.7.

Ambiri akamayamba mtima umakhala pa mutu wa sitima, poti ndi umene uli ndi mota ndi phokoso. Bogi amaiona ngati bokosi longokokedwa. Koma bogi ya anthu ndi yovuta kuposa mmene imaonekera, ndipo vuto lake loyamba ndi kutalika. Ya katundu ndi yaifupi, imakhota paliponse. Ya anthu ya ku Ulaya ya masiku ano imatalika mamita 26.4, ndipo pa 1:87 imakwana mamilimita 303, ngati lula ya mwana wasukulu. Tinjanji tokhota timene timabwera m'katoni ya oyamba kumene timazungulira pa mtunda wa mamilimita 360 kuchokera pakati pa bwalo. Pa njanji yeniyeni imeneyo ikanakhala kona ya mamita 31, pamene makona enieni a njanji zikuluzikulu amayezedwa m'mamita mazanamazana. Bogi yaitali ikalowa pakona yothina chonchi, pakati pake pamadyera m'kati, kumapeto kwake n'kutulukira kunja, ndipo imakhula nsanja ya pasiteshoni kapena kugunda sitima ya pa njanji yoyandikana nayo. Kwa zaka zambiri makampani a ku Ulaya ankathana nazo pofupikitsa bogi. Msinkhu ndi m'lifupi ankazisiya pa 1:87, koma m'litali ankaika 1:100, ndiye kuti mamilimita 264, kapena 1:93.5, ndiye kuti 282. Kuti zikwane, mawindo ankawapanikiza, mwinanso kuchotsapo limodzi. Zofupikitsidwazi zikugulitsidwabe pambali pa zolondola, choncho wogula awerenge pakatoni, chifukwa bogi ya 264 ikalumikizidwa ndi ya 303 kusiyanako kumaonekera patali.

Kutalikaku kumafunanso malo. Mabogi 8 a masentimita 30 ndi mamita 2.4, mutu wa sitima usanawerengedwe, ndipo ndi nyumba zingati ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni zimene zili ndi chipinda chongokhala? Sikuti mpaka sitima izizungulira bwalo ayi. Thabwa la mamita atatu lokhomedwa m'mbali mwa khoma limakwana siteshoni yaing'ono ya njanji imodzi ndi ina yopatukira, yonga ya ku Lirangwe, sitima n'kumalowa mbali ina, kuima, kutulukira inayo. Thabwa lowongoka lilibe makona othina, ndiye palibe chifukwa chofupikitsira bogi.

Pali zina zing'onozing'ono zimene zimasiyanitsa kabogi kabwino ndi kachidole. Mabogi enieni amayandikana kwambiri, anthu n'kumadutsa kuchoka mu ina kulowa mu ina. Timabogi takale tinkasiya mpata waukulu pakati kuti tisagundane pakona. Opanga a ku Ulaya anapeza nzeru yoika cholumikizira pa kamkono koyenda m'kanjira kokhota kunsi kwa bogi: pa njanji yowongoka kamakokera mabogi pafupi, pakona kamawatalikitsa. Kathumba kolowetsamo cholumikiziracho kali ndi muyeso umodzi wotchedwa NEM 362, kuti wogula azitha kusintha zolumikizira za kampani ina ndi za ina. Magalasi a mawindo nawonso amaulula. Pa zotsika mtengo galasi limakhala m'kati, kuseri kwa khoma lokhuthala la pulasitiki, zenera n'kumaoneka lolowa. Pa zabwino galasi lililonse limadulidwa palokha kuti lilingane ndi khoma kunja.

Kulemera ndi nkhani yodabwitsa. Mukachepetsa chinthu ka 87 mbali zonse zitatu, kulemera kwake kumachepa ka 87 kuchulukitsa ndi 87 kuchulukitsanso ndi 87, ndiye kuti kopitirira ka 658,000. Bogi ya matani 30 ikanalemera magalamu 46 okha. Yopepuka chonchi siikhazikika pa njanji, ikangokokedwa pakona imagwera m'kati. NMRA imalangiza kuti kabogi ka HO ka masentimita 30 kazilemera pafupifupi magalamu 200, n'chifukwa chake pansi pa mipando pamabisidwa kachitsulo kaphanthiphanthi. Liwiro nalonso liyenera kuchepetsedwa. Sitima yoyenda makilomita 50 pa ola, pa 1:87 iyenera kuyenda masentimita 16 pa sekondi, ndipo oyamba kumene pafupifupi onse amathamangitsa mopitirira.

Magetsi amadutsa m'tinjanji momwemo, njanji ina n'kumabweretsa mphamvu, inayo n'kumaibweza, mawilo n'kumatola. M'njira yakale mphamvu imakwera kuchoka pa ziro kufika pa mavoti 12, ndipo ndi imene imalamula liwiro, choncho sitima ikaima pasiteshoni nyale za m'mabogi zimazima, nthawi yomwe zimafunika kwambiri. Njira yatsopano ya DCC, imene inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany ndipo NMRA inaivomereza m'zaka za m'ma 1990, imasiya magetsi m'njanji nthawi zonse n'kumatumiza malamulo kwa mutu uliwonse paokha. Nyale za LED zimayakabe, ndipo kakapasita kamodzi kamaletsa kuphethira pamene wilo ladutsa pa fumbi. Aliyense wokonza mafoni ku Limbe angakuwotcherereni zimenezi. Njira yakale ija ili ndi ubwino umodzi kwa ife: batire ya sola ya mavoti 12 imatha kuyendetsa sitima magetsi atathima, bola pakhale chowongolera liwiro ndi fyuzi, chifukwa batire yotere ikagundanitsidwa mawaya imasungunula zinthu.

Tsopano za ndalama. Kabogi ka m'fakitale kamapangidwa pothira pulasitiki yosungunuka m'zikombole zachitsulo. Asanaseme chikombole, akatswiri amafufuza mapulani akale, amakayeza bogi yosungidwa kumyuziyamu, ena amaijambula ndi makina a laser. Chikombolecho n'chimene chimadya ndalama zoopsa, ndipo sichikhala chimodzi, poti bogi ya kalasi yoyamba, ya kalasi yachitatu, yodyeramo, yogonamo ndi ya gadi iliyonse ili ndi mawindo ake. Zilembo zimadindidwa ndi kamphira kofewa, mtundu uliwonse paokha, kenako anthu amamata ndi manja tizigawo tambirimbiri. Ntchito yambiri yotereyi masiku ano imachitikira m'chigawo cha Guangdong ku China. Hornby inasamutsira kumeneko ntchito yake yopanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kuti chikombole chibweze ndalama pamafunika ogula masauzande. Bogi ya British Railways yotchedwa Mark 1, imene inayamba kuyenda mu 1951, ili nawo ogula otere, ndipo makampani angapo aipanga mobwerezabwereza. Bogi ya Malawi Railways ilibe. Nkhani ndi ya msika basi, ndipo sindikuona kuti isintha posachedwa.

Ndiye amene akuifuna aipange yekha, ndipo funso loyamba limene ayenera kudziyankha ndi lakuti: ya chaka chiti? Ku Ulaya makatoni amalembedwa nyengo, kuyambira I mpaka VI, kuti munthu asalumikize bogi ya 1930 ndi mutu wa 1990. Ifenso nyengo zathu zilipo, kungoti palibe anazilemba pakatoni. Pali nthawi ya Shire Highlands Railway, pamene njanji inkachokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, kudzafika ku Blantyre. Njanji itatalikitsidwa kufika ku Chindio m'mphepete mwa Zambezi, ndipo ina itachokera cha ku Beira mu 1922 kudzafika tsidya linalo, apaulendo ankatsika m'bogi, kuwoloka mtsinje pa sitima ya pamadzi, n'kukakwera bogi ina. Nyasaland Railways inakhazikitsidwa mu 1930. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana wa pa Zambezi, wotalika makilomita opitirira atatu ndi theka, unatsegulidwa, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Ufulu utabwera dzina linakhala Malawi Railways. Mu 1970 inatsegulidwa njanji ya ku Nkaya mpaka ku Nayuchi, yolowera ku Nacala; mu 1979 sitima inafika ku Lilongwe ndi thandizo la dziko la Canada, kenako ku Mchinji. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, madzi osefukira anadula njanji ku Chiromo mu 1997, ndipo mu 1999 njanji inaperekedwa m'manja mwa Central East African Railways.

Nyengo iliyonse ili ndi bogi yake, penti yake, zilembo zake ndi anthu ake. Amene wasankha sitima ya ku Beira ya m'ma 1950 akusankha mutu wa malasha ndi mabogi ogawidwa m'makalasi m'nthawi imene khungu ndi thumba zinkanena kumene munthu akhale: kwina mipando yofewa, kwina mabenchi a matabwa kumene makolo athu ambiri ankapanikizana. Ine ndimaona kuti wopanga woona mtima sayenera kubisa zimenezi. Ngati apanga ya kalasi yoyamba, apangenso ya mabenchi ija, ndipo aipatse chisamaliro chomwecho, poti ndi imene inanyamula anthu ambiri. Amene wasankha sitima ya ku Balaka ndi Nayuchi ya zaka zaposachedwa akusankha mutu wa dizilo, mawindo otsegula, matumba a chimanga pakhomo, mitolo ya nzimbe, ndi amayi ogulitsa nthochi ataimirira m'munsi mwa zenera. Tianthu timene timagulitsidwa m'timapaketi, monga ta kampani ya Preiser ya ku Germany, tambiri ndi ta azungu onyamula masutikesi. Mayi wa chitenje, mwana kumsana, dengu pamutu, muyenera kumuumba nokha kapena kusema wina n'kumupenta mwatsopano. Kwa ine apa ndi pamene pali kukoma kwa ntchito yonseyi. Mutu wa sitima amaukumbukira ndi madalaivala ndi amakaniko, koma bogi anaikhalamo ndi anthu wamba usiku wonse, ndipo ukawafunsa amakuuza kumene kunali chimbudzi, mmene zenera linkatsekedwera, ndi phokoso limene chitseko chinkachita.

Luso la manja silikusowa mumzinda uno. Ana amapinda magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chogwira ntchito, ndipo amisiri a ku Ndirande amadula malata n'kuwotcherera ndowa ndi mbaula tsiku ndi tsiku. Chimene ntchito ya timabogi imawonjezera ndi tepi, masamu ndi kuleza mtima kodula mawindo khumi ofanana ndendende. Makoma amadulidwa ku pulasitiki yaphanthiphanthi yoyera, kapena ku katoni yolimba yopakidwa vanishi, monga ankachitira Angerezi pulasitiki isanafale. Njira yabwino ndi yomata zigawo zitatu: chakunja chopyapyala chokhala ndi mabowo a mawindo, chapakati chogwira galasi, cham'kati cholimbitsa. Galasi lingachoke ku pulasitiki yoonekera ya m'mapaketi, zogwirira ku waya wopyapyala wamkuwa, denga ku thabwa lofewa lopalidwa ndi sandipepa mpaka litapindika bwino. Amene ali ndi mwayi wa makina osindikiza zinthu a 3D angajambule pakompyuta tingolo ta mawilo n'kusindikiza tambiri tofanana, ndipo makina amenewa ndi amene atsegulira njira anthu a m'mayiko amene mafakitale sawaganizira.

Mawilo okha musapange, gulani. Mkombero wake uyenera kukhala wozungulira bwino, mpata wa pakati pa misana ya mawilo awiri ukhale pafupifupi mamilimita 14.5 pa njanji ya 16.5, ndipo wilo limodzi lisakhudzane ndi linzake pa magetsi, apo ayi sitima yonse iima. Bogi zambiri zimene zimagwa pa mphambano ya njanji vuto limakhala mpata umenewu.

Ikatha kupentedwa, bogi imawala mopitirira, ndipo bogi yowala chonchi sinaimepo pa Limbe kupitirira sabata. Odziwa amaikalambitsa dala. Amapaka fumbi lofiira kunsi ndi m'tingolo ta mawilo, dzimbiri m'mphepete mwa denga, mafuta akuda pa zolumikizira, penti yosuluka mbali ya kudzuwa, kenako vanishi wosawala pamwamba. Ena amakana, amati bogi yodula isadetsedwe, ndipo n'zoona kuti yodetsedwa molakwika siigulikanso bwino. Koma pa bogi yodzipangira wekha ya njanji yathu, ine ndili mbali ya fumbi.

Fumbi lenileni ndiye mdani. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala limakuta tinjanji, magetsi n'kumadukaduka, choncho thabwa lizivundikiridwa ndipo njanji izipukutidwa ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti. Chinyontho cha dzinja ndi cha chiperoni chimapinda katoni yosapakidwa mbali zonse ziwiri ndipo chimadyetsa dzimbiri tinjanji tachitsulo wamba, n'chifukwa chake ta nickel silver ndi tabwino ngakhale tili tokwererapo mtengo. Dzuwa la pazenera limapinda denga la pulasitiki. Thabwa lisagunde pansi, chiswe chilipo.

Chovuta kuposa zonse ndi miyeso ya bogi yeniyeniyo, makamaka yakale. Kumyuziyamu ya ku Chichiri kuli mitu yakale ya malasha yoimikidwa panja, imene imathandiza kuona msinkhu ndi kutambalala kwa sitima za nthawi imeneyo. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ndi National Archives ku Zomba ndi malo oyambira kufunafuna zithunzi ndi zikalata zakale. M'madera ozungulira Limbe mukadali madala amene anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, akalipentala, openta ndi magadi, ndipo chimene chithunzi chakuda ndi choyera sichinganene, monga mtundu wa penti ya m'kati, iwo angakuuzeni mukawafikira mwaulemu. Bogi ikasiya ntchito siidikira munthu. Imachita dzimbiri, kenako imadulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha, ndipo miyeso yake imapita nayo limodzi ngati palibe anailemba.

Mukapeza bogi yoti muyeze, yambani mwapempha chilolezo kwa oyang'anira malowo, ndipo musalowe kunsi kwake kapena pakati pa mabogi awiri, ngakhale akuoneka kuti anaima kalekale. Miyeso yofunika kwambiri ndi kutalika kwa thupi, kutambalala kwake, msinkhu kuchokera pamwamba pa njanji kufika pansi pa zenera ndi padenga, ndi mtunda wa pakati pa tingolo tiwiri ta mawilo. Zotsalazo zingachoke pa chithunzi, bola chijambulidwe mutaima patali, moyang'anizana ndi pakati penipeni pa bogi, ndodo ya mita imodzi itatsamira pakhoma lake. Jambulani mbali zonse ziwiri, chifukwa mawindo a mbali ya chimbudzi nthawi zambiri safanana ndi a mbali inayo.